Bwanji alembi amachotsa kholo nkhani ikangoyamba?

Funso: Ndawerenga mabuku atatu onena za mwana amene akukula, ndipo monsemo mayi kapena bambo amamwalira nkhani isanapite patali. Ine mayi anga anandisiya ndili wamng'ono, ndiye zimandipweteka. Kodi alembiwa alibe chisoni?

Yankho: Pepani kwambiri. Inenso buku lotere ndimaliika pansi kaye, mtima ukhale m'malo.

Mabuku amenewa Ajeremani amawatcha Bildungsroman, dzina limene katswiri wa zolembalemba Karl Morgenstern analigwiritsa ntchito mu 1819. Mutu wake ndi umodzi: mwanayu adzakhala munthu wotani? Kholo likakhalapo, limamuyankhira funsolo. Likachoka, mwana amayamba kufunsa yekha kuti kwawo n'kuti, ndani angamutche wake. Nkhani imagwira moto pamenepo.

Koma mlembi ndimamuyesa ndi zimene zimabwera maliro atatha. Waulesi amaliritsa mwana tsamba limodzi, kenako kholo laiwalika ngati silinakhaleko. Waluso amasiya malaya a malemu ali pamsomali, mwanayo n'kumawanunkhiza anthu akagona, fungo likuchepa mwezi ndi mwezi mpaka tsiku limene sakumvanso kanthu. Kwa ine tsiku limenelo limapweteka kuposa la imfa. Onaninso mmene mwanayo amakhalira m'nyumba imene amulandira: amakhala kunsonga kwa mpando, amapempha chilolezo ngakhale cha madzi akumwa.

Mukadzatsegulanso mabuku atatuwo, fufuzani tsamba limene mwanayo akutchula koyamba nyumba yatsopanoyo kuti "kwathu", ndiponso amene ali naye pafupi pamene mawuwo akutuluka.