Kodi Malawi ali ndi akangaude akeake? Yankho kwa aphunzitsi a ku Thyolo

Imelo yomwe yandisowetsa mtendere sabata ino yachokera kwa aphunzitsi ena a ku pulaimale ku Thyolo. Mwana wa Sitandade 7 anawafunsa m'kalasi kuti ngati ku Madagascar kuli akangaude osapezeka kwina kulikonse, nanga Malawi ali ndi akeake? Atakafunsa anzawo mu sitafu rumu, yankho linali lakuti kangaude ndi kangaude basi, kapitirizeni silabasi.

Aphunzitsi, zandiwawa kwambiri. Osati chifukwa anzanuwo ndi oipa ayi, koma yankho limenelo ndinakula nalo ineyo ndipo ndikudziwa mmene limaphera chidwi cha mwana. Mwanayo wafunsa funso lenileni la sayansi. Pa dziko lapansi mitundu ya akangaude yomwe inalembedwa ndi kupatsidwa mayina inadutsa 50,000 mu 2022, ndipo kaundula wake, World Spider Catalog, amasungidwa ku Bern ku Switzerland, aliyense atha kumutsegula pa intaneti ulele. Chaka chilichonse akuwonjezera mazanamazana. Nde wina angoti onsewo ndi amodzi?

Za ku Madagascar mwanayo sananame. Kuli kangaude wotchedwa Caerostris darwini, anamulemba mu 2010, yemwe amaponya ulusi kuwoloka mtsinje mpaka mamita 25 n'kuluka ukonde pamwamba pa madzi, ndipo ulusi wakewo uli m'gulu la zinthu zolimba kwambiri zomwe chamoyo chimapanga. Kulinso tiakangaude ta khosi lalitali ndi zibwano zazitali, tomwe ntchito yake ndi kusaka akangaude anzawo. Mu 2018 mayi wina wasayansi, Hannah Wood, ndi mnzake analemba mitundu 18 yatsopano ya timeneti nthawi imodzi. Ku New Zealand akangaude oposa 90 pa 100 alionse ndi akomweko. Ku Australia kuli tiakangaude ta Maratus, tating'ono zedi, tatimuna timatambasula mimba ya mitundu yowala n'kumavina pamaso pa tatikazi. Mukaonetsetsa muona kuti maiko onsewa ndi ozunguliridwa ndi nyanja yamchere, zamoyo zake zinakhala pazokha zaka mamiliyoni osasakanikirana ndi za kwina, mpaka zinasintha n'kukhala mitundu inayake.

Tsono apa ndi pomwe nkhani imandifika kunyumba. Ine ndinakulira ku Likhubula, mmunsi mwa phiri la Mulanje, ndipo nditamaliza Fomu 4 ndalama zopitira patsogolo panalibe nde ndinayamba upota, kunyamula zikwama za alendo kukwera nazo ku Chambe, ku Lichenya, nthawi zina mpaka ku Sapitwa. Alendo ambiri amafuna kufika pamwamba, kujambulitsa, kutsika, basi. Koma ulendo wina ndinanyamulira gulu la ofufuza ochokera kunja lomwe silinkafuna za pamwamba n'komwe. Tinkayenda pang'ono n'kuima mu kankhalango ka mu khwawa, iwo n'kugwada, kukokolola masamba owola, kuwasefa pa nsalu yoyera, kenako kukhala duu kuyang'ana. Tsiku loyamba tinkaseka ife mapota kuti anthu awa awononga ndalama ya ndege kudzatola zinyalala. Koma mayi wina wa gululo anandiitana, anandipatsa kagalasi kokulitsa zinthu, akuti taona apa. Abale inu. Pansalu paja pomwe ine ndinkaona dothi panali tiakangaude tosiyanasiyana, kena kofiira ngati njerwa ka chikopa cholimba, kena kamiyendo yaitali, kena kamaso akuluakulu kutsogolo komwe kanatembenuka n'kundiyang'ana ineyo. Usiku anationetsa kuti ukagwira tochi pafupi ndi maso ako n'kuwalitsa pa udzu, umaona tinyali tambirimbiri tikuthwanima, amenewo ndi maso a akangaude osaka pansi. Phiri lomwe ndinabadwirapo, lomwe ndinkati ndimalidziwa njira iliyonse.

Anaika tizilomboto m'timabotolo ta sipiriti, analemba malo ndi tsiku pa timapepala, anatilipira bwinobwino, anapita. Sindiwada ayi, anali ndi chilolezo ndipo anali anthu aulemu. Chomwe chimandipwetekabe mpaka lero n'chakuti pa gulu lonse lija ntchito ya ife akuno inali kunyamula katundu ndi kuphika. Panalibe mwana wa ku Mulanje mmodzi yemwe wogwira kagalasi kaja ngati ntchito yake. Nditatsika n'kufotokozera amalume anga, anandiyankha ndendende ngati anzanu a mu sitafu rumu aja, kuti iwe zimenezo udya?

Ndikudziwa kuti funso la amalume si lopusa, kwathu kuno munthu amayamba waganiza za ufa kaye. Koma ndikukana kuti umphawi ndi umene umatiletsa kuyang'ana pansi pa tsamba. Kagalasi kaja si kodula. Chomwe tinapanga n'chakuti tinagamula tokha kuti chamoyo chofunika ndi chomwe chimadyedwa, chogulitsidwa, kapena chomwe mzungu wa pa holide angalipire kuti achione. Njovu, chambo, mkungudza, zatha. Zina zonse ndi "tizilombo", timapha ndi patapata.

Chomwe mwanayo ayenera kumva

Kangaude sadziwa malire a dziko. Mukaima pa Muloza, mbali iyi Malawi mbali iyo Mozambique, kangaude wa m'munda wa chimanga ndi yemweyo uku ndi uko. Akangaude ambiri ang'onoang'ono amauluka ndithu, amakwera pansonga ya udzu, kutulutsa ulusi, mphepo n'kuwanyamula. Charles Darwin anawaona akutera pa sitima ya Beagle mu 1832 ali pa nyanja kutali ndi mtunda. Oterewa amafika paliponse, sangakhale a dziko limodzi. Akangaude akuluakulu a ulusi wachikasu omwe amamanga ukonde pakati pa mitengo kapena pa mawaya a magetsi, awonso muwapeza m'maiko ambiri a mu Africa muno.

Koma pali ena osayenda. Akangaude okumba una, aja aubweya akuluakulu komanso aja amatseka una wawo ndi kachitseko ka dothi, wamkazi amatha kukhala pa una umodzi moyo wake wonse, ana ake n'kukumba chapafupi pomwepo. Ku Western Australia mayi Barbara York Main ankatsatira mmodzi wotere yemwe anamupatsa nambala 16, anakhala zaka 43 mpaka anafa mu 2016, pa una womwewo. Nde taganizani mtundu wotere, kapena tija ta m'masamba owola tomwe timafa tikangouma pang'ono, tili mu nkhalango yonyowa pamwamba pa phiri. Tidutsa bwanji chigwa chotentha cha Phalombe kukafika ku Zomba? Sitingathe. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, ndi chilumba, kungoti m'malo mwa madzi lazunguliridwa ndi tiyi ndi chimanga.

Ndipo umboni tili nawo kale pa zamoyo zina. Mkungudza wathu, Widdringtonia whytei, mtengo wa fuko lino, kwawo ndi pa Mulanje pokha. Nanzikambe wotchedwa Nadzikambia mlanjensis ndi wa pano pokha. Ku Malawi Hills kufupi ndi Nsanje kuli kananzikambe kena, Rhampholeon chapmanorum, komwe anthu ankaopa kuti kanatha mpaka kanapezekanso mu 2016 m'tizigamba ta nkhalango totsala. Kutsidya ku Mozambique, ofufuza atakwera phiri la Mabu ndi la Namuli anapezako zamoyo zomwe sayansi sinkazidziwa. Ku nyanja yathu nsomba za mbuna zinagawikana mitundu mazanamazana pa chifukwa chomwechi, gulu lililonse kukakamira miyala yake. Ngati abuluzi, mitengo ndi nsomba zinachita zimenezi, kangaude wosayenda uja alekeranji? Ndipo mu kaundula wa ku Bern uja alimo akangaude omwe pa dzina lawo analembapo dziko limodzi lokha, Malawi. Mmodzi ndi Ceratogyrus hillyardi, wa gulu la aubweya okumba una aja.

Vuto n'lakuti mndandanda wathu ndi waufupi, ndipo ndi waufupi chifukwa osaka ndi ochepa, osati chifukwa akangaude ndi ochepa. Taonani South Africa. Mu 1997 anayambitsa kafukufuku wa dziko lonse wa akangaude, SANSA, motsogozedwa ndi mayi Ansie Dippenaar-Schoeman, ndipo ankagwiritsa ntchito ma yunivesite, ogwira ntchito m'mapaki, ngakhale anthu wamba otumiza zithunzi. Lero ali ndi mitundu yoposa 2,000 yolembedwa, ndipo pafupifupi 60 pa 100 ndi akomweko okha. Sikuti Mulungu anawakondera, anangokhala pansi n'kuwerenga zawo.

Ife m'malo mowerenga tikuwotcha. Izi ndinena mosabisa ngakhale ena akwathu akwiya. Chaka chilichonse ikafika Ogasiti mpaka Okutobala phiri limayaka, usiku umaona mzere wa moto uli psuu kumtunda, ena akusaka, ena akuwotcha makala, ena angotaya ndudu. Mkungudza timaulira chifukwa ndi waukulu, umaoneka, umanunkhira bwino, uli ndi mtengo pa msika, ndipo a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anzawo akuyesetsa kudzala wina. Koma mbande ya mkungudza utha kuifesa mu chubu ku nazale. Masamba owola a m'khwawa omwe anaunjikana zaka zambiri, ndi zonse zokhalamo, suzifesa. Zikapsa zapsa, ndipo ngati mtundu wina unali wa khwawa limenelo lokha, watha usanapatsidwe ndi dzina lomwe. Inu a ku Thyolo mukudziwa bwino kuposa ine, nkhalango ya pa phiri la Thyolo ija inasanduka minda anthu akuona, pomwe mbalame ya Thyolo alethe inatenga dzina kuchokera komweko. Mbalame ili ndi mapiko, imapezekanso pa Mulanje ndi mapiri ena. Za pansi zija zinalibe kothawira. Ndiye namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023 n'kugumula mapiri ometedwa, tinaona tonse kuti nkhalango si nkhani ya tizilombo tokha.

Komanso tisiye kuganiza kuti kangaude alibe phindu kwa ife. Amadya tizilombo m'munda wa nandolo, mu tiyi, m'nyumba momwe, usana ndi usiku popanda kugula mankhwala. Kufupi ndi nyanja ya Victoria ku Kenya ndi Uganda kuli kangaude wodumpha, Evarcha culicivora, yemwe amasankha udzudzu waukazi womwe wangoyamwa magazi. M'dziko la malungo ngati lathu lino, imeneyo ndi nkhani yoti ana aimve. Zoluma, inde alipo ochepa omwe ululu wawo umavuta, monga aja ozungulira mimba okhala ndi chizindikiro chofiirira kunsi, omwe amakonda pansi pa mipando ndi m'makona a zimbudzi, koma ochuluka zedi sangakuchiteni kanthu ndipo amathawa okha.

Nde aphunzitsi, mwanayo mukamuuze kuti inde alipo, ena analembedwa kale, ndipo malo oyembekezera ambiri ndi mapiri ngati lathuli ndi tinkhalango totsala m'maesiteti. Tengani kalasi yonse, nsalu yoyera kapena thumba la ufa lotambasula, gwedezani nthambi pamwamba pake, sefani masamba a pansi pa mitengo, ana ajambule m'makope zomwe aona n'kulemba malo ndi tsiku. Osagwira ndi manja, osakumba mauna, mukatha muwabwezere pomwepo. Kutolera za mu nkhalango yotetezedwa kumafuna chilolezo cha boma. Ngati pali foni ya kamera, ikani kobiri pambali pa kangaudeyo kuti kukula kwake kuoneke, ndipo zithunzizo muziike pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti loikapo zithunzi za zamoyo, pomwe akatswiri a maiko ena amathandiza kuzindikira. Nthawi zambiri chithunzi chimangokufikitsani pa banja kapena gulu, dzina lenileni limafuna kangaude wamkulu pansi pa maikulosikopu, nde ana asakhumudwe. Muyambe mvula ikangogwa, mu Disembala, ndi pomwe amachuluka.