Malonda a pangongole anatizimitsira wayilesi

Achimwene, pa zimene mwafunsazi, za kumene mungapeze ndalama zoyendetsera tsamba la pa intaneti la nkhani za m'boma lanu, mtima wanga wathamangira ku chaka cha 2022, pamene ndinali mmodzi mwa oyang'anira wayilesi ina ya m'dera.

Ndalama zathu zenizeni zinkachokera kwa anthu wamba: mauthenga a maliro, makadi a moni, zilengezo za ukwati ndi za mbuzi zosowa. Kenako kunabwera bwana wina wogulitsa mbewu ndi feteleza, amene anatenga nthawi ya m'mawa ndi ya madzulo yolengezera malonda ake dzinja lonse, nalonjeza kuti adzalipira alimi akakolola. Tinangogwirana chanza popanda kulemberana kalikonse, chifukwa tinkaona ngati tatola chikwama.

Mukukumbukira kuti mu Januwale chaka chimenecho namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, moti magetsi ankazima nthawi yaitali ndipo ife tinkadalira jenereta. Mu Meyi kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, pamene chiphaso choulutsira mawu mtengo wake unkawerengedwa mu madola, ndipo nyumba zingapo zoulutsira mawu zinalandidwa ziphaso chaka chomwecho chifukwa cha ngongole. Alimi anakolola, koma bwana uja sanaoneke.

Tsiku limene silidzachoka m'mutu mwanga linali la mu Juni, kukuzizira. Kunabwera mayi wina pa kabaza, amuna awo atamwalira m'bandakucha. Anamasula ndalama pa mfundo ya chitenje, zokwinyikakwinyika, nazitambasula imodziimodzi pa tebulo, ndipo anapempha kuti uthenga umveke madzulo omwewo kuti abale a kumidzi yakutali afike mawa lake poika maliro. Ndinkadziwa kuti mafuta atsala pansi penipeni, koma ndinalandira ndalamazo. Muulutsi atangoti "tikulengeza za imfa ya", jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima. Tinapendeketsa chigubu, tinakoka chingwe mpaka manja kuchita matuza, koma sinalirenso. Patapita masiku anayi mayi aja anabweranso, duku lakuda kumutu. Sanakalipe ngakhale pang'ono, anangoti, "Bambo, alamu anga sanamve, taika popanda iwo." Ndinawabwezera ndalama zawo za m'thumba mwanga, koma ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Sabata yomweyo bwana uja ankadutsa pa msewu wathu pa galimoto yatsopano, akutikwezera dzanja ngati palibe mlandu. Ndinapita ku sitolo yake kangapo ndipo yankho linali lakuti mawa. Pomaliza anandiuza mopanda manyazi kuti masiku ano malonda ake amaika yekha pa Facebook ndi pa WhatsApp mwaulere, choncho sakuona chimene wayilesi inamuthandiza. Munthu amene dzina la sitolo yake linadziwika mpaka kumidzi chifukwa cha mawu athu! Anyamata athu ongodzipereka, amene ankapalasa njinga kukatola nkhani ku khonsolo ndi kwa mafumu, anatha miyezi osalandira ngakhale ya sopo, ndipo awiri anasiya. Nkhani zimene ankavutikirazo masamba ena ankangozikopera n'kuziika ngati zawo, osatchula n'komwe kumene azitenga, ndipo zimenezi inunso zikukudikirani.

Tsono musaike malonda a munthu aliyense ndalama isanalowe. Atumize kaye pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthenga ufike pa foni yanu, kenako muike. Mgwirizano uliwonse wopitirira mwezi umodzi ulembedwe ndi kusainidwa pamaso pa mboni. Dalirani anthu ang'onoang'ono ambiri, a magolosale, a sukulu za mkaka, a zigayo, chifukwa mmodzi akakana kulipira simugwa. Komabe ndinene zoona, ndalama zawozo sizinakwanepo kugula mafuta a mwezi wathunthu, ndipo inunso sizidzakukwanirani pa mabando a intaneti ndi mayendedwe a mtolankhani, moti mudzafunabe wabizinesi wamkulu kapena bungwe limodzi loti muziyenda nalo, ndipo oterowo kawirikawiri salipira ntchito isanachitike, muyenera kuwapirira, bola mgwirizano ukhale wolembedwa monga ndanenera. Mwa anthu wamba, wa uthenga wa maliro yekha akabwera alibe ndalama, muikireni, adzapereka akapuma.