Kudya kamodzi pamalo apamwamba kumwera kwa France: yankho kwa mayi amene atilembera

Mayi ena atitumizira imelo. Iwo ndi amuna awo akupita kumwera kwa France mu September, sabata imodzi, kuyambira ku Marseille mpaka ku Nice, kukakondwerera zaka 25 ali pabanja. Akufuna kudya kamodzi kokha pa lesitilanti yapamwamba zedi, koma akuopa kutaya ndalama zambiri n'kutulukamo osakhuta. Bambowo sadya nkhumba ndipo samwa mowa. Akufunsa kuti apite kuti, ndipo akonzekere bwanji.

Mayi, sankhani malo amodzi, sungitsani tebulo msanga, ndipo mupite masana, osati usiku.

Anthu ambiri posankha malo amayang'ana buku lofiira la Michelin, limene kampani ya matayala ija inayamba kutulutsa mu 1900. Malo opambana amapatsidwa nyenyezi imodzi, ziwiri kapena zitatu. Panjira yanuyi pali angapo amene anafika pa zitatu. Ku Marseille kuli Le Petit Nice ya Gérald Passedat, imene inazilandira mu 2008, ndipo ili pamiyala m'mphepete mwa nyanja penipeni. Mumzinda womwewo muli AM ya Alexandre Mazzia, imene inazilandira mu 2021. Wophikayu anabadwira ku Pointe-Noire ku Congo, n'chifukwa chake tsabola ndi fungo la utsi sizisowa m'mbale zake. Kupitirira Nice, pafupi ndi malire a Italy, kuli Mirazur ya Mauro Colagreco ku Menton, imene inazilandira mu 2019. Kwa inu tingasankhe Le Petit Nice, chifukwa khitchini yake yagona pa nsomba, ndiye nkhawa ya nkhumba ichepa. Koma dziwani kuti malo a nyenyezi zitatu amadya mayuro mahandiredi angapo pa munthu mmodzi, zakumwa zisanawerengedwe. Thumba likakana, malo a nyenyezi imodzi si otsika ayi, ndipo nthawi zambiri ndi kumene munthu amamasuka.

Masana ndi abwino pa zifukwa zooneka. Malo ambiri amakhala ndi chakudya chamasana chofupikirapo, cha mbale zochepa, pamtengo wotsika, koma wophika ndi yemweyo. Nyanja mudzaiona ndi maso, pamene usiku pawindo pamangooneka mdima. Komanso chakudya chotere chimatenga maola atatu kapena kuposa. Mukayamba 8 koloko usiku mudzatuluka mwatopa, n'kumayendetsa galimoto m'misewu yokhotakhota imene simukuidziwa. Chamasana amalandira anthu kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma hafu pasiti wani. Mukachedwa khitchini imatseka, ndipo kuchonderera sikuthandiza.

Sungitsani tebulo kudakali milungu ingapo, ku Mirazur miyezi. Onaninso masiku otseka, poti ambiri sagwira ntchito Lamlungu kapena Lolemba. Adzakufunsani nambala ya khadi la kubanki, ndipo mukalephera kubwera osawauza nthawi yabwino amadula ndalama. Za nkhumbazo lembani pomwepo posungitsa, musadikire kukanena patebulo. Msuzi wa malo oterewa umawira kwa maola ambiri kuyambira m'mawa, ndipo nkhumba imabisala m'mafuta, m'tizidutswa totchedwa lardons, ngakhale mu gelatine wolimbitsira zotsekemera. Akadziwiratu amakonza china mwaulemu. Mukawadzidzimutsa amangochotsako chinthu, mbale n'kubwera yoperewera. Nenaninso ngati bambo amakana ndi vinyo wophikira yemwe, chifukwa amalowa m'misuzi yambiri.

Pamapepala amene adzakupatseni, carte ndi mndandanda wosankhapo chimodzichimodzi, pamene menu ndi chakudya chathunthu chamtengo umodzi. Tengani menu. Nthawi zambiri amafuna kuti onse a patebulo atenge yofanana. Zosakhutazo musadandaule: timbale timaoneka tating'ono, koma timabwera motsatizana, kuyambira tokomera pakamwa mpaka maswiti a pa khofi. Cholakwika chimene ambiri amachita n'kudzaza mimba ndi buledi pa mbale ziwiri zoyamba.

Pamene bilu imafufumira ndi apa. Mukangokhala pansi adzakufunsani ngati mukufuna champagne; si yaulere, ndipo mtengo satchula pokhapokha mutafunsa. Madzi a m'botolo amalipiritsa, koma mukapempha carafe d'eau, madzi a pampopi, lamulo la dzikolo limati apereke ulere. Mawu akuti supplément pambali pa chakudya akutanthauza ndalama yowonjezera. Akakuuzani za truffe, bowa wakuda wa pansi pa nthaka uja, mu September ingokanani. Nyengo yake ndi yozizira. Msika wake wotchuka wa ku Richerenches umayamba pakati pa November n'kutha mu March. Inu mayi ngati mumamwa, tambula imodzi ya vinyo woyera wa ku Cassis, tauni ya pafupi ndi Marseille, ikukwanirani pa nsomba, osalimbana ndi botolo lonse. Malipiro a operekera zakudya ali kale m'mitengo, choncho kusiya kangachepe n'kufuna kwanu. Bilu sabweretsa mpaka mutaipempha, poti kuifulumizitsa amakuona ngati kuthamangitsa mlendo.

Tsiku lina ku Marseille mudyeko bouillabaisse, chakudya cha nsomba chotchuka cha mumzindawo. Yeniyeni imabwera pawiri. Choyamba ndi msuzi wofiirira wa safironi, umene mumaikamo tizidutswa ta buledi wouma topaka rouille, phala la adyo ndi tsabola. Kenako amabwera ndi nsomba zathunthu, kuphatikizapo rascasse yaminga ija, n'kuzidula inu mukuona. Eni malesitilanti a mumzindawo anagwirizana malamulo a kaphikidwe kake mu 1980 chifukwa zachinyengo zinachuluka. Mukaona yotchipa kwambiri, yobwera yonse m'mbale imodzi, pitirirani. Kadoko ka Vallon des Auffes ndi poyambira pabwino, ndipo imbanitu foni, poti ena amafuna kuuzidwiratu komanso amaphikira anthu awiri kupita m'tsogolo.

Masiku otsalawo fufuzani chizindikiro cha Bib Gourmand m'buku la Michelin lija, cha malo ophika bwino pamtengo wofikirika. Mukafika ku Nice gulani socca yotentha pamsika wa Cours Saleya, chikondamoyo chopyapyala cha ufa wa nchana ndi mafuta a olivi, muwaze tsabola wakuda n'kudya ndi manja isanazizire.