Pulogalamu ikutseka bwino pa Linux, koma pa Windows ikukana

Funso: Ndalemba pulogalamu ya Python yogwiritsa ntchito asyncio, yomwe imalandira mauthenga n'kuwasunga mu database. Pa seva ya Linux ndinaika loop.add_signal_handler kuti ndikadina Ctrl+C, pulogalamuyo iyambe yamaliza kusunga isanatseke. Pa laputopu ya Windows mzere womwewo ukubweretsa NotImplementedError. Kodi ndalakwitsa pati?
Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Simunalakwitse kalembedwe ayi. Lamulo limenelo limagwira ntchito pa makina a mtundu wa Unix okha, chifukwa Windows ilibe ma signal (zizindikiro zomwe makina amatumiza kwa pulogalamu, monga zoiuza kuti iime) monga momwe Linux ndi macOS zimawadziwira.

Pa Unix, signal imafika ngati mlendo wolowa m'nyumba osanena odi: ikhoza kudukiza pulogalamu ili pakati pogawa memory kapena polemba fayilo. N'chifukwa chake malamulo a POSIX, omwe makina a Unix amatsatira, amalola zinthu zochepa zokha mkati mwa handler, kachigawo ka pulogalamu komwe kamaitanidwa signal ikafika. Write() ndi yololedwa, koma printf() ndi malloc() ayi. Njira yakale yomwe D. J. Bernstein anaitchukitsa ndi yakuti handler ingolemba byte imodzi mu pipe (kanjira kodutsamo mauthenga), ndipo event loop (chigawo chogawa ntchito mmodzimmodzi), yomwe imakhala ikuyang'anira pipe imeneyo, idzuke n'kuchita zotsalazo pa nthawi yake. Linux inawonjezera signalfd mu 2007, macOS ndi ma BSD ali ndi kqueue, koma cholinga n'chimodzi: signal isanduke chochitika wamba choima pa mzere ndi zinzake. Izi n'zimene asyncio inkakuchitirani mwakachetechete pa seva ija.

Pa Windows, Ctrl+C imadzera mu console, ndipo Python imaisandutsa SIGINT. Choncho gwiritsani ntchito signal.signal pa SIGINT ndi SIGBREAK (ya Ctrl+Break), koma mkati mwa handler musatseke database kapena kudikira chilichonse. Ingoitanani loop.call_soon_threadsafe kuti ikweze asyncio.Event imodzi, yomwe ili ngati mbendera youza pulogalamu kuti iyambe kutseka, tinene yotchedwa imani. Pa Linux, add_signal_handler ikweze Event yomweyo. Mukatero, kusiyana kwa makina kumathera m'mizere yochepa ya kumayambiriro, ndipo ntchito yonse yotseka, monga kuleka kulandira mauthenga atsopano, kumaliza omwe ali m'manja ndi kutseka database, imalembedwa kamodzi basi. Ngati muli ndi Python 3.11 kapena yatsopano kuposa apo, asyncio.run imagwira yokha Ctrl+C n'kuimitsa task yaikulu, moti finally (gawo lomwe limachitika ngakhale ntchito itadukizidwa) yolembedwa bwino ikhoza kukukwanirani.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi SIGTERM, yomwe simunaitchule. Pa Linux ndi pempho laulemu loti pulogalamu itseke, nambala 15, ndipo ndi imene systemd ndi Docker, zida zoyendetsera mapulogalamu pa seva, zimatumiza, osati SIGINT. Muyenera kuigwira nayonso. Docker imadikira masekondi 10 okha isanatumize SIGKILL, nambala 9, yomwe palibe pulogalamu ingaigwire, choncho kutseka kwanu kusamatenge nthawi. Pa Windows zinthu n'zoopsa kuposa apo, pakuti os.kill ndi SIGTERM imaitana TerminateProcess, ndipo pulogalamu imafa pomwepo handler yanu isanamve kanthu.

Pa chifukwa chimenechi, musasunge mauthenga ambiri mu memory poyembekezera kudzawalemba potseka. Uthenga uliwonse ulowe mu transaction yake, ndipo muvomereze kwa wotumiza kuti mwaulandira pokhapokha commit, kutsimikiza kuti zasungidwa mu database, itatheka. Kenaka yesani zonse ziwiri pa seva yanu, kill -15 ndi kill -9, ndipo muwerenge mizere ya mu database kuti muone ngati ikugwirizana ndi mauthenga omwe munatumiza.