Za pempho la bambo lomwe lakanidwa ku Texas

Mayi, mwalemba kuti bambo a kunyumba kwanu, omwe anavulala ali msilikali wa dziko la America, anapempha kuti asamalipire msonkho wa nyumba yanu ku Texas, koma ofesi yoona za mitengo ya nyumba m'dera lanu yawakana, ndipo mukufunsa ngati mukadandaule ku VA, unduna woona za asilikali akale ku America. Musapite kumeneko. VA ndi nthambi ya boma lalikulu, ndipo mbali yake pa nkhaniyi ndi kungotsimikiza kukula kwa ulumali wa bambowo, pomwe kukhululukidwa msonkho kumachokera m'malamulo a Texas, mu gawo 11.131 la Tax Code, lomwe ndi buku la malamulo a misonkho.

Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa cha nthawi. Munthu amene VA yamukana amakhala ndi chaka chathunthu choti achite apilo, ndipo ambiri amakhazika mtima pansi poganiza kuti ku Texas nakonso zili chimodzimodzi, chonsecho kumeneko nthawi yake kawirikawiri ndi masiku 30 okha. Onani tsiku lomwe lalembedwa m'kalata yokukanani ija, kenaka mudzaze Form 50-132, yomwe ndi fomu yodandaulira, n'kuipereka ku Appraisal Review Board, lomwe ndi gulu la anthu a m'dera lomwelo omvetsera madandaulo otere. Ngati gululo nalo litakukanani, muli ndi masiku 60 kuchokera pomwe mwalandira chigamulo chake kuti mukasume ku district court, khoti la boma la Texas m'dera lanu, ndipo pofika apo ndi bwino kupeza loya.

Musanakaonekere ku Appraisal Review Board, werengani bwino chifukwa chomwe apereka, pakuti nthawi zina vuto limakhala laling'ono, monga adiresi ya pa laisensi yoyendetsera galimoto kusiyana ndi ya nyumbayo. Chachikulu ndi kalata ya VA. Kuti msonkho wonse uchotsedwe, kalatayo iyenera kuonetsa kuti bambo akulandira chipukutamisozi cha maperesenti 100 cha ulumali wa ku usilikali, ndiponso kuti VA inagamula kuti ulumali wawo ndi wa maperesenti 100 kapena kuti sangathenso kugwira ntchito, komanso nyumbayo ikhale yawo ndipo muzikhalamo. Ngati ulumali wawo ndi wocheperapo, apilo sikuthandizani, koma gawo 11.22 limalola kuchotsa ndalama zoyambira madola 5,000 mpaka 12,000 pa mtengo wa nyumba womwe amawerengerapo msonkho. Ndi zochepa, sindikana, komabe si zoti muzisiye.

Chinanso, musaleke kulipira msonkho poti mwachita apilo. Lipirani gawo lomwe simukulitsutsa tsiku la 1 February lisanafike, chifukwa kupanda kutero mukhoza kutaya mwayi woti dandaulo lanu limvedwe. A Texas Veterans Commission amathandiza asilikali akale kwaulere, kotero pitani mukawaone sabata ino mutatenga kalata ziwirizo pamodzi ndi DD 214 ya bambo, chikalata chomwe anapatsidwa potuluka usilikali.