Yankho kwa Bambo a ku Lizulu pa za utsogoleri wa mayunivesite

Bambo, mwafunsa ngati mlimi wa mbatata ya kachewere kuno ku Ntcheu angapindulepo kanthu ndi amene akutsogolera yunivesite. Ine ndikuti angapindule kwambiri, chifukwa mkulu wa yunivesite (Vice Chancellor) pamodzi ndi khonsolo ya sukuluyo ndiwo amagamula kumene ndalama zochepa za kafukufuku zipite.

Taonani LUANAR, yunivesite ya za ulimi ya ku Lilongwe, imene idachokera ku Bunda College ndi kuyamba kuima payokha mu 2012. Ili kufupi nafe, ndipo akuluakulu ake atafuna angathe kutumiza aphunzitsi ndi ophunzira ku Tsangano kapena ku Bembeke kukalimbana ndi chiwawu, chimene chimapsereza mbatata ndi tomato nyengo ya mvula, komanso kukachulukitsa mbewu yopanda matenda, popeza alimi ambiri amangobzala yotsala m'munda chaka ndi chaka mpaka zokolola kuchepa. Zimandiwawa kuona tomato akuwola m'madengu pamsika wa Lizulu pamene akatswiri odziwa kuumitsa ndi kusunga zipatso tili nawo.

Mu 2021 University of Malawi idagawidwa, n'kubadwa mayunivesite a MUBAS (ya za bizinesi ndi sayansi) ndi KUHeS (ya za umoyo). Komabe kugawako pakokha sikufikitsa luso kumudzi ngati mtsogoleri amayamikira mphunzitsi pa zolembalemba zokha, osawerengerako nthawi imene wathera m'dimba ndi alimi.