Kodi galu ndizimugulira chakudya cha kampani iti?

Mayi wina wa ku Luwinga wanditumizira imelo kufunsa kuti pakati pa Pedigree, Bobtail ndi Montego asankhe chakudya chiti cha galu wake wolondera pakhomo, popeza mnzake wa ku ntchito wamuuza kuti kudyetsa galu nsima ndi usipa ndi nkhanza, pamene malipiro ake sangakwanitse thumba lokwera mtengo mwezi uliwonse. Mayi, mawu oti nkhanza andikhumudwitsa kwambiri, chifukwa ndakhala ndikuwamva kwa anthu amene amayeza chisamaliro cha chiweto ndi dzina lolembedwa pa thumba, osayang'ana n'komwe ngati galuyo ali ndi thanzi.

Ine ndinakulira kumudzi ku Kasungu, kumene agalu a bambo anga ankadya mkute, mitu ya nsomba, matumbo a nkhuku ndi chilichonse chimene ankapeza kosaka akalulu. Sindingakunamizeni kuti onse anali onenepa, ndipo ambiri ankafa asanakalambe, koma ndikakumbukira mmene ankafera ndimaona kuti chimene chinkawatha ndi njoka za m'mimba, matenda obwera ndi nkhupakupa ndi chiwewe, chifukwa panalibe amene ankawamwetsa mankhwala kapena kuwabayitsa katemera. Nsima yokha siinali kuwapha. Galu wakhala pakhomo pa munthu kwa zaka masauzande ambiri, ndipo thupi lake linazolowera chakudya cha alimi. Mu 2013 akatswiri a ku yunivesite ya Uppsala ku Sweden anasonyeza kuti agalu amasiyana ndi mimbulu imene anachokerako pa nkhani imeneyi, kuti matupi awo amagaya bwino chakudya cha ufa kuposa mimbulu. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi otsatsa malonda amene amati galu sayenera kulawa chimanga. Ngakhale ku America, kumene zakudya zopanda chimanga ndi tirigu zinatchuka kwambiri, bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linayamba kufufuza mu 2018 ngati zakudya zoterozo, zimene m'malo mwa chimanga amathiramo nsawawa ndi mbatata zambiri, zinali ndi mbali pa matenda a mtima amene ankapezeka mwa agalu ena.

Komabe mnzanuyo ali ndi mfundo imodzi yoona, ndipo ndi yakuti nsima payokha siikwanira. Bungwe la AAFCO la ku America, limene muyeso wake wa zakudya za ziweto makampani ambiri amautsatira, limati chakudya cha galu wamkulu chikhale ndi zomanga thupi zosachepera 18 peresenti ndi mafuta osachepera 5.5 peresenti, tikachotsa madzi, pamene cha ana a galu chikhale ndi zomanga thupi 22.5 peresenti ndi mafuta 8.5 peresenti. Chimanga sichifika ngakhale pa 10 peresenti, ndipo ufa woyera umene timaukonda, wokonola ndi kuviika, umakhala utataya zambiri. Galu wodya mkute ndi madzi otsukira mphika wa ndiwo amakhuta, koma ubweya wake umayoyoka ndipo minofu yake imatha. Usipa ndi umene umasintha nkhani yonse, chifukwa nsomba youma ili ndi zomanga thupi zochuluka, ndipo popeza imadyedwa ndi minga yomwe, imapatsanso kashiamu amene chimanga ndi mnofu wa nyama zilibe mokwanira. Ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi kuti usipa wa ku Nkhata Bay umafika mumsika mwathu mosavuta, ndipo zinyenyeswa zotsala pansi pa dengu, zimene anthu sazifuna, amazigulitsa motsika mtengo.

Chimene ndimachiopa ine ndi china, ndipo ndinachiona ndi maso kwa alamu anga ku Chibavi. Iwo anali ndi agalu atatu amphamvu amene ankawaphikira phala la gaga losakaniza ndi usipa, ndipo agaluwo ankaoneka bwino kwa zaka zingapo. Chaka china chimanga chitakwera mtengo, anapeza munthu wogulitsa gaga wotsika mtengo kwambiri, amene pambuyo pake zinadziwika kuti anachokera ku chimanga chowola chimene anthu anachisankha n'kuchikana. Patapita masabata ochepa agaluwo anayamba kukana chakudya, kusanza ndi kufooka, ndipo maso ndi nkhama zawo zinasanduka zachikasu. Dokotala wa ziweto atawaona ananena kuti chiwindi chawonongeka, ndipo atanunkhiza thumba la gaga ananena kuti akukayikira chuku. Awiri anafa. Alamu anga ankangobwereza kuti phalalo ankaliwiritsa mpaka kupsa, koma poizoni wa chuku, amene akatswiri amamutchula kuti aflatoxin, satha ndi moto wa pa mbaula. Tili ndi chizolowezi choipa chonena kuti chimanga chowola n'cha nkhuku, nkhumba ndi agalu, pamene galu ndi chimodzi mwa ziweto zimene chiwindi chake sichipirira poizoni ameneyu.

Musaganize kuti thumba la ku sitolo limakutetezani pa vuto limeneli, pakuti chakudya chambiri cha mtengo wapakati chimapangidwanso ndi chimanga. Mu 2011 agalu oposa 200 anafa m'chigawo cha Gauteng ku South Africa atadya chakudya cha m'matumba chotsika mtengo chimene chinali ndi aflatoxin, ndipo ku America vuto lomweli linachititsa kuti matumba ambiri achotsedwe m'masitolo kumapeto kwa 2020 ndi kumayambiriro kwa 2021. Tsono kuno ku Mzuzu, kumene mvula imachedwa kusiya ndipo nkhungu ndi chinyontho zimalowa mpaka m'nyumba, thumba labwino lomwe likhoza kuchita chuku ngati lakhala lotsekula pansi pa simenti kwa milungu yambiri. Pa chifukwa chimenechi ndimakana kotheratu chakudya cha agalu chopimidwa m'timajumbo topanda dzina, topanda tsiku lotha ntchito, chimene ena amagulitsa atachitsanula m'thumba lalikulu. Simudziwa kuti thumbalo linatsekulidwa liti, linasungidwa pati, ndiponso ngati chimene chili m'katimo ndi chimenedi wogulitsayo akunena. Kuli bwino kuphika nokha kusiyana ndi kugula chimenecho, ngakhale chitakhala chotsika mtengo motani.

Palinso nkhani ya ndalama, imene anthu olangiza anzawo amaidumpha. Mayina onse atatu amene mwatchula ndi a makampani a kunja: Pedigree ndi wa kampani ya Mars, Bobtail ndi wa RCL Foods ya ku South Africa, ndipo Montego amapangidwa ku Graaff-Reinet m'dziko lomwelo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera nthawi imodzi, ndipo ndalama zakunja zikasowa m'mabanki, katundu wotere amasowanso m'mashelefu. Galu amene wazolowera mtundu umodzi akasinthidwa mwadzidzidzi amatsekula m'mimba, choncho kusankha chakudya chimene mwezi uno chilipo koma mwezi wa mawa kulibe, kapena chimene mudzachilephera sukulu zikatsekulira, ndi kumuzunza galuyo kuposa kumupatsa usipa tsiku ndi tsiku. Mtengo woyenera kuwerengera ndi wa pa tsiku, osati wa thumba. Galu wolemera makilogalamu 20 amadya pafupifupi magalamu 300 a chakudya chouma pa tsiku, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 8 silimaliza mwezi, ndipo chakudya chotsika mtengo nthawi zambiri chimafuna kuti mumupatse chochuluka kuti akhute, ndiye kupulumutsa ndalama kumene mumayembekezera kumachepa.

Powerenga thumba

Zosakaniza zimalembedwa motsatira kulemera kwake, choyamba ndiye chochuluka. Mukaona chicken kapena beef pamwamba musafulumire kusangalala, chifukwa nyama yaiwisi imayezedwa ndi madzi ake, amene ndi pafupifupi 70 peresenti, ndipo ikaumitsidwa gawo lake limachepa kwambiri. Mawu oti meat meal kapena poultry meal amatanthauza nyama youmitsa kale n'kuigaya, ndipo si chinthu choipa monga ena amanenera. Yang'anani mawu oti complete, amene amasonyeza kuti chakudyacho chikhoza kudyedwa chokha, yang'anani ngati ndi cha galu wamkulu kapena cha mwana, ndipo pa matumba a ku South Africa fufuzani nambala yoyamba ndi V pamodzi ndi mawu oti Act 36 of 1947, umene ndi umboni wakuti chakudyacho chinalembetsedwa ku boma la kumeneko. Thumba lobooka, lonyowa kapena lotsala pang'ono kutha ntchito lisiyeni m'sitolo momwemo.

Yankho langa, Mayi, ndi lakuti pa atatuwo tengani amene ali ndi zomanga thupi zoposa 18 peresenti, amene amapezeka nthawi zonse m'sitolo imene mumagula, ndipo amene mungakwanitse kugula chaka chonse. Gulani thumba limene lingathe m'mwezi umodzi, musunge m'chigubu chotseka bwino pamalo okwera, ndipo posintha sakanizani chakale ndi chatsopano pang'onopang'ono kwa sabata imodzi. Ngati ndalama sizikulola, pitirizani kuphika, koma gwiritsani ntchito mgaiwa wa chimanga chimene inu mungadye, usipa wophika wopanda mchere wambiri, dzira, masamba a nkhwani ndi mafuta pang'ono, ndipo musathiremo anyezi, adyo kapena mafupa ophika a nkhuku. Mukhozanso kupatsa theka la m'thumba ndi theka la kuphika. Pakatha masabata asanu ndi limodzi, papasani nthiti zake, zimene ziyenera kumveka m'manja popanda kuoneka ndi maso, ndipo onani ngati ubweya ukuwala komanso chimbudzi chake n'cholimba. Ndalama zimene zatsala muzigwiritse ntchito pa mankhwala a njoka za m'mimba miyezi itatu iliyonse, mankhwala a nkhupakupa ndi katemera wa chiwewe wa chaka ndi chaka.